Masamba Awiri a Raundi Yomaliza

"Apa panali masamba awiri," anatero Wabuku, chala chake chikutsata timizere tiwiri ta pepala totsalira pamsana pa bukulo. "Ndipo sanathothoke okha. Padutsa lezala apa."

M'chipinda chovaliramo, kuseri kwa siteji, munkamveka fungo la utoto ndi thukuta lakale. Amayi ake anali pakona pa makina osokera, akupasula lamba wa kabudula. Mlongo wake wamkulu, amene gulu lonse linkamutcha Wofiira chifukwa cha kabudula amene ankavala m'seweroli, ankangomanga ndi kumasula chingwe cha golovesi. Wamng'ono, Wabuluu, anali chiimire pagalasi, kuyang'ana nkhope yake ngati wangokumana nayo lero.

Linali Lachitatu. Bambo awo anaikidwa m'manda Lolemba, ndipo sewero lawo latsopano, la anyamata awiri ankhonya olimbirana lamba, linayenera kuonetsedwa Loweruka. Malemuwo ndiwo anayambitsa kagulu ka zisudzoka, ndiwo ankalemba masewero, ndipo m'sewero lino anadzipatsa malo a woyimbira nkhonyazo. N'chifukwa chake aliyense, ngakhale akazi awo, ankangowatchula kuti a Refa. Mwana wawo wamkazi yekhayo, Wabuku, ndiye ankakhala kuseri kwa katani ndi buku lokopera, kunong'oneza mawu kwa oiwala ndi kuliza belu. Tsopano malaya oyera a Refa anali atagwera iye, pamodzi ndi ntchito yake: kumapeto kwa raundi yomaliza, kugwira dzanja la mlongo mmodzi n'kulikweza m'mwamba.

Koma dzanja la ndani? Buku lokopera linkathera pa mawu akuti, "Onse awiri aponya chibakera chamanja." Buku lenileni, lomwe a Refa ankayenda nalo m'thumba la jekete, linabwera kuchokera kuchipatala m'chikwama cha zovala zawo, litadutsa m'manja ambirimbiri. Atalitsekula m'mawa umenewo, nalonso linkathera pomwepo. Kutsogolo kunali timizere tiwiri tija.

A Refa anali ndi kachitidwe kawo komwe sankakambirana ndi munthu. Sewero likakhala la mpikisano, wopambana sankamuuza kuti apambana. "Munthu akadziwiratu kuti zake zili bwino amasewera ngati wakhuta," ankatero. Ankauza wogonja yekha, mobisa, kudakali milungu ingapo, chifukwa kwa iwo kugwa ndilo linali luso, kupambana ngakhale chitsiru chimatha. Ena onse ankadzaona mathero pa kuyeserera komaliza, komwe ulendo uno kunali Lachisanu. Ndiye kuti mmodzi mwa alongo akewo ankadziwa.

Zikanakhala za sewero lokha, bwenzi nkhani ili yochepa. Koma mwezi watha a Refa, ali m'kati motsokomola, ananena kuti ili ndi sewero lawo lomaliza, ndipo anthu a zisudzo sasowa womasulira. Pofika madzulo a tsiku lomwelo, gulu lonse linali litagwirizana kuti dzanja lomwe lidzakwezedwe Loweruka ndilo lidzalandire makiyi a gululo. Anyamata awiriwo anali atatha chaka akupatsana moni wa pamphuno. Wamkulu ankafuna masewero olemera ngati a bambo ake, wamng'ono ankati anthu masiku ano amafuna kuseka. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo aliyense anali ndi nkhuku zake zomutsatira. Wabuku ankadziwa bwino lomwe kuti akakweza dzanja lolakwika, kapena lolondola popanda umboni, mlongo winayo adzatuluka ndi theka la gulu, ndipo pakhomo pa amayi ake sadzapondanso.

"Achimwene," anatero moleza mtima, "bambo anakuuzani kanthu?"

"Ukundifunsa ine chifukwa chiyani? Funsa amene ankagona kuchipatala," anatero Wofiira.

"Ndinkagona kuchipatala chifukwa ena anali otanganidwa," anayankha Wabuluu, akuyang'anabe pagalasi. "Koma chikwama ananyamula ndani pobwera?"

"Ndiye iweyo anakuuza?" anafunsa Wabuku, atatembenukira kwa wamng'onoyo.

"Achemwali, za a Refa mumazidziwa. Tidzaona Lachisanu."

"Tidzaona chiyani poti mwini wake kulibe?"

"Tidzaona Lachisanu," anabwereza Wofiira, n'kuponya golovesi pabenchi. Kanali koyamba chaka chimenecho kuti awiriwo anene chinthu chimodzi, ndipo Wabuku sizinamusangalatse ngakhale pang'ono.

Iye maganizo ake anali atafika kale patali. Amene anauzidwa kuti agwe waona kuti mboni yake yagona m'manda. Wadula masambawo, ndipo Lachisanu adzangoima nji, kuyembekezera kuti mnzake atope. Mtima unamuwawa poganiza zimenezi, chifukwa wakubayo, kaya ndi uti, anayamwa bere lomwe iye anayamwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Lachinayi m'mawa anapita kumalo ogwirira ntchito a Wofiira, amene masana anali kalipentala ndipo ndiye anakhoma ringi ya pasiteji. Ananyamula hamala yomwe anaipeza kuseri kwa katani kuti akhale ndi chonamizira. Anamupeza akupala thabwa, manja a malaya atapindidwa. Pachigongono chamanzere panali zipsera zitatu zogundana, china chitauma, china chikadali ndi nkhanambo. Wabuku anakulira kuseri kwa siteji. Zipsera za munthu wophunzira kugwa ankazidziwa monga mmene namwino amadziwira chikuku.

"Mwatani pamkonopo?"

"Thabwa."

"Thabwa lake lomenya malo amodzi katatu?"

Wofiira anatsitsa dzanja la malaya. Apo m'pamene Wabuku anaona bokosi pansi pa tebulo. Munali sowo, zingwe, mabulashi, zonse zomwe kwa zaka khumi zinkakhala m'kabati ya kuholo.

"Zida za gulu zikutani kuno?"

"N'zanga zimenezo, chemwali. Ndinagula ndekha. Kapena nazonso ukufuna kuona tsamba lake?"

Anabwerako akudzilankhulira mumtima. Ndiye ndi achimwene. Anauzidwa kuti agwe, zinawapweteka, tsopano akusamutsa katundu kuti zikavuta akayambitse gulu lawo. Anayenda msewu wonse akukonza mawu owauza amayi ake, mawu oti asawalase kwambiri.

Koma masana Wabuluu anabwera kudzayesa kabudula, yemwe amayi anamubweza m'chiuno chifukwa mnyamatayo anaonda ndi matenda a bambo ake. Pamene ankakweza malaya kuti amayi alase mapini, Wabuku anaona chibanga pantchafu, cha m'mwamba, chachikulu ngati chikhatho, chitayamba kale kufwifwa.

"Nanga ichi?"

"Njinga, achemwali. Mwasanduka apolisi?"

Atangotuluka, Wabuku anamutsatira mwakachetechete mpaka pa makwerero a wamagetsi. Anamumva akunena motsitsa mawu, "Raundi yomaliza nyale yaikulu isandisiye. Kulikonse kumene ndili, ikhale pa ine." Wamagetsiyo anagwedeza mutu, ndipo ataona Wabuku anayamba kupukuta waya yemwe analibe fumbi.

Tsopano mutu unamuzungulira. Mmodzi chipsera chake n'changozi, winayo n'chophunzirira, koma uti? Wina akusamutsa zida, wina akuitanitsa nyale ngati mkwati. Ngakhale alamu ake, akazi a Wofiira, amene ntchito yawo inali kuwombetsa matabwa awiri kuseri kuti chibakera chabodza chimveke ngati chenicheni, tsiku limenelo ankamuseka mokoma kwambiri. Kukayikira kuli ngati nsabwe za m'malaya, ukaona imodzi thupi lonse limayamba kuyabwa. Atabwerera m'chipinda chovaliramo, maso ake anagwera pa lezala yomwe amayi ake ankapasulira ulusi.

Anakhala pabenchi moyang'anizana ndi amayi ake.

"Amayi, chikwama cha bambo anayamba kutsekula ndinu."

Makina analeka kulira. Amayiwo anavula magalasi, n'kumuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Malizitsa."

"Sindikuti mwatenga. Koma mwina munaona kuti zolembedwazo zipweteka mmodzi, ndiye…"

"Ndiye ndinadula mawu a mwamuna wanga asanazizire n'komwe? Mwana iwe, chisoni chakulowa molakwika." Anabwezeretsa magalasi. "Bambo ako ankandiuza zonse kupatula zimene ndinkafuna kudziwa. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndasoka zovala za anthu osadziwa kuti amene ndikumusokerayu afa kapena akwatira. Bwera kuno uyese malayawa, manja ake akutalikira."

Wabuku anaimirira mwamanyazi. Malayawo ankanunkhirabe sopo wa bambo ake. Amayi anapinda manja a malayawo, kulasa mapini, koma pini imodzi inamubaya pamkono ndipo sanapepese.

Lachisanu masana gulu lonse linasonkhana muholo. Mipando inali yopanda anthu kupatula mzere woyamba, momwe osewera omwe mbali zawo zinali zitatha anakhala mogawikana, a Wofiira kumanja, a Wabuluu kumanzere, pakati mipando itatu yopanda munthu. Amayi anatenga malo a mwana wawo pa belu. Wabuku analowa m'zingwe atavala malaya oyera.

Sewero linayenda bwino moti zinamuopsa. Palibe anaiwala mawu. Anyamatawo ankazungulirana ngati anthu odanadi, zibakera zikudutsa chala chimodzi kuchokera pachibwano, matabwa a alamu akulira kuseri, phwa, phwa. Pa raundi yachitatu golovesi ya Wabuluu inakhudza khutu la mkulu wake, ndipo Wabuku anaona mtsempha ukutukuka pakhosi pa Wofiira. Anawalekanitsa, nanong'oneza, "Ndi sewero ili, anthu inu." Palibe anamuyang'ana.

Belu la raundi yomaliza linalira. Wabuku anali atatsimikiza mumtima kuti akangoona chibakera chenicheni adzalowa pakati, chimupeze iyeyo. Ankawerenga mapazi awo monga mmene buku linanenera. Atatu kumanzere, kugwirana, kulekana, awiri kumbuyo. Nyale yaikulu inatsata Wabuluu. Kenako anafika pa mzere uja wothera m'malere. Mapewa awiri amanja anabwerera m'mbuyo nthawi imodzi, magolovesi awiri anadutsana m'mwamba, matabwa analira.

Wofiira anapotoloka, mawondo anafewa, nagwa cha kumanzere mwaluso lomwe Wabuku anali asanalionepo. Ndipo nthawi yomweyo, kumbali inayo, Wabuluu anazandima masitepe awiri, nagwa cham'mbali pansi pa nyale yake.

Wabuku anaima pakati pa alongo ake awiri ogona, dzanja lili m'mwamba, osadziwa woti amuwerengere. Pakamwa pokha m'pamene panagwira ntchito.

"Wani! Thuu!"

"Dzuka iwe," anatero Wofiira, mano ali okukuta, maso ali chitsinzinire.

"Firii!"

"Dzukani inuyo, achimwene. Mwapambana."

"Usandiseke pamaso pa anthu. Bambo anasankha iwe. Dzuka utenge zako."

"Anasankha ine kuti ndigwe!"

Wofiira anatsekula diso limodzi. Wabuku anatsitsa dzanja.

"Nonse awiri khalani pomwepo," anatero. "Masamba ali kuti?"

Kunali kovuta kuti munthu wovala magolovesi adzipisire yekha, choncho anachita kuwatulutsira. La Wofiira linali m'sokosi yakumanzere, la Wabuluu m'kati mwa lamba wa kabudula, onse awiri opindidwa kanayi, ofewa ndi thukuta. Zolembazo zinali za bambo ake, zopendekera kutsogolo ngati anthu othawa mvula. Anayamba ndi la wamkulu, kuwerenga mokweza.

"Wofiira agwa. Mwanangu, ugwere pa kamtanda ka choko kapafupi ndi kona yako, ndipo ugwere kumanzere, usamale bondo lija. Usauze munthu. Mng'ono wako ndi wamtima wapachala, akagonja pamaso pa anthu sadzabweranso. Iwe ndiwe wamkulu, ungathe kusenza zimenezi."

Wabuluu anadzuka n'kukhala tsonga. Wabuku anafunyulula linalo.

"Wabuluu agwa. Mwanangu, ugwere pa kamtanda ka choko kapafupi ndi kona yako. Usatsogoze dzanja, unathyoka kale uli mwana. Usauze munthu. Mkulu wako wakhoma misomali ya gululi zaka khumi popanda womuombera m'manja. Mpatse tsiku lake. Iwe masiku ako akadali ambiri."

Kwa kanthawi panalibe woyang'ana mnzake. Milungu itatu yathunthu aliyense wa awiriwo ankayenda ndi chilonda chake m'thumba, akukhulupirira kuti bambo ake anamuyeza n'kumupeza wopepuka, komabe ankadzigwetsa pansi kumbali, mobisa, kuti adzagwe bwino monga anauzidwira.

"Ndiye zida zija…" anayamba Wabuku.

"Ndimati ndikagwa mawa ndizipita," anatero Wofiira. "Ndimusiyire malo mwini wake."

"Ine nyale ndimaifuna kuti anthu aone kuti ndagwa ndekha, sanandigwetse munthu," anatero Wabuluu, akupukuta mphuno ndi golovesi. "Lolemba ndimakayamba ntchito kwina."

Wamagetsi ndiye anaononga zinthu, ali pamwamba pa makwerero ake. "Pepanitu, koma mwina ndi matenda aja. Masiku omaliza a Refa ankaiwalaiwala. Mwina anauza mmodzi, n'kuiwala, n'kuuzanso wina."

Mawuwo anamulasa Wabuku kuposa pini ija, chifukwa nayenso anali atawaganiza. Ngati zinali choncho, ndiye kuti tsamba limodzi linali loona, linalo linali la munthu wosokonezeka mutu, ndipo nkhani yonse ibwerera pomwe inayambira. Anaona nkhope za alongo ake zikuyambanso kuuma. Mumzere woyamba anthu anayamba kunong'onezana za tsamba lomwe inki yake inkaoneka yatsopano.

Wofiira anatsamira chigongono kuti adzuke, kenako anaima. Anadinikiza pansi ndi golovesi, n'kudinikizanso.

"Ringi iyi ndinakhoma ndine," anatero pang'onopang'ono. "Ndi matabwa okhaokha. Nanga pano pakufewa bwanji?"

Wabuluu anagogoda pomwe anakhala. Sipanamveke kanthu. Anagogoda chapatali pang'ono, thabwa linayankha.

"Kunonso."

Chinsalu chokuta pansi a Refa anachiyala okha, sabata yomwe anagonekedwa m'chipatala isanafike, atathamangitsa aliyense kuti apite akapume. Wabuku anabweretsa hamala, ndipo Wofiira, atamuvula magolovesi, anazula timisomali ta m'mphepete. Atapinda chinsalucho anapeza kuti pansi pa kamtanda kalikonse matabwa anachotsedwapo mwaukhondo, n'kutsitsidwa pang'ono, ndipo m'malomo munalowetsedwa siponji yokhuthala, yodulidwa molingana bwino. Zidutswa ziwiri, china ku kona yofiira, china ku kona yabuluu, zonse zokutidwa ndi nsalu imodzi ya mizere yobiriwira.

Munthu woiwala sakonza malo awiri.

Wabuku anakhala pachingwe chapansi. Masiku atatu anakhala akusaka wakuba pakati pa abale ake, mpaka kuloza chala mayi wake womubala, pamene wodula masambawo anali mwini buku. Anachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali chimwemwe chomwe chinkamupweteka pachifuwa.

"Mawa mugwa nonse," anatero Wabuku. "Ine ndiwerenga mpaka teni, ndipo sindikweza dzanja la munthu. Amene akufuna makiyi akawatenge pamsomali pomwe amakhala."

"Bokosi lija ndi lolemera," anatero Wofiira, osayang'ana kumene kunali mng'ono wake. "Pobwera nalo pafunika anthu awiri."

"Ndamva, achimwene."

Amayi anali atasiya belu. Anakwera masitepe atatu a siteji mogwirira, nawerama kulowa pakati pa zingwe, chinthu chomwe pa zaka zonsezo anali asanachitepo. Anaima pamwamba pa chidutswa cha ku kona yofiira, akuyang'ana nsalu ya mizere ija.

"Awa ndi matiresi a pakabedi kawo," anatero motsitsa. "Chifuwa chitakula anasamukira pabalaza kuti asamandidzutse. Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinapeza akugona pa matabwa okhaokha, atayala bulangeti. Akuti adokotala anena kuti pouma m'pabwino kumsana." Anapukusa mutu. "Ine n'kukhulupirira. Milungu iwiri munthu wodwala akutembenuka pa matabwa."

Amayiwo anagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo. Chapakati pa siponjiyo panali polowa, pomwe phewa la munthu wogonera mbali imodzi linafinya kwa miyezi yambiri. Anaika chikhatho chawo m'menemo, ndipo anachisiya momwemo.